Munda wa Njuchi pa Sukulu: Ndalama Iyambire pa Mpanda ndi Madzi

Mlendo wofika pa sukulu zambiri za m'dziko muno amalandiridwa ndi maonekedwe amodzimodzi. Njira yolunjika ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu imakhala ndi miyala yopakidwa laimu mbali zonse ziwiri, bwalo limakhala losesedwa mpaka kuyera mbee, ndipo pakhomo pa ofesiyo pamakhala tsinde la bougainvillea ndi timaluwa tingapo tobzalidwa m'matayala akale a galimoto. Kuseri kwa makalasi kumakhala mzere wa bulugamu kapena malaina. Ntchito imeneyi ndi ya manja a ana asukulu ndipo palibe angainyoze, pakuti ukhondo ndi chinthu chofunika. Koma munthu ataima pabwalo lotere m'mawa wa mwezi wa Ogasiti n'kutchera khutu, adzapeza kuti pali zii. Njuchi palibe, bemberezi sakumveka, ndipo gulugufe ngwapatalipatali.

Ena angafunse kuti kodi zimenezi zili ndi kanthu. Funsoli n'lomveka m'dziko limene chakudya chimawerengedwa m'matumba a chimanga, chifukwa chimanga sichidikira kachilombo kalikonse. Mungu wake, ndiye kuti ufa wachikasu uja wogwa kungayaye, umauluzidwa ndi mphepo n'kukatera pa ndevu za chitsononkho. Komatu nsima siidyedwa yokha. Maungu, nkhaka, mavwende, mpendadzuwa, mango ndi mapeyala zimafuna kuti cholengedwa china chinyamule mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake. Khofi wa ku Misuku ndi makademiya a ku Thyolo, amene amabweretsa ndalama zakunja, amabereka bwino koposa pamene pali njuchi zambiri. Lipoti la bungwe la IPBES la chaka cha 2016 linanena kuti mwa mitundu ikuluikulu ya mbewu zodyedwa pa dziko lapansi, yoposa 75 mwa 100 iliyonse imapindula ndi zolengedwa zonyamula mungu, ndipo mwa zomera zakutchire zochita maluwa, pafupifupi 90 mwa 100 zimadalira zolengedwa zomwezo.

Mphunzitsi wa zaulimi safunikira labotale kuti aonetse zimenezi. Dzungu lili ndi maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi: lalimuna, lokhala pa kaphesi kowonda, ndi lalikazi, limene kutsinde kwake kumakhala kadzungu kakang'ono ngati dzira la njiwa. Maluwawa amatseguka mbandakucha ndipo dzuwa lisanafike pamutu amakhala atafota. M'maola ochepa amenewo njuchi iyenera kulowa m'duwa lalimuna, n'kukalowanso m'lalikazi, kangapo konse. Ophunzira atamanga kansalu pa duwa lalikazi madzulo lisanatseguke n'kulisiya chomwecho, adzaona okha kuti kadzungu kaja kasanduka kachikasu n'kuthothoka. Amayi akumudzi anazindikira kalekale kuti pothyola chiluwe cha ndiwo, munthu amatenga maluwa aamuna n'kusiya ena kuti atsale. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wa mayi yemweyo amaloweza mawu achingerezi a ziwalo za duwa pokonzekera mayeso a MSCE, koma sanagwadepo m'munda kuti aone njuchi ikugwira ntchito yake.

Zimene zikuchepetsa tizilombo timeneti n'zodziwika. Nkhalango za mombo zapita ku makala ndi ku nkhuni zowotchera njerwa. Moto wolusa wa m'chilimwe, woyatsidwa posaka mbewa, umapsereza maluwa pamodzi ndi zisa. Chiyambire chaka cha ulimi cha 2016 mpaka 2017 pamene mbozi ya ntchemberezandonda inalowa m'minda ya chimanga, alimi ambiri anazolowera kupopera mankhwala, ndipo m'madimba a matimati ndi masamba kupoperako n'kwa sabata ndi sabata. Mankhwala ngati cypermethrin sasankha kuti iyi ndi mbozi, iyi ndi njuchi. Maiko a mu European Union anafika poletsa m'chaka cha 2018 kugwiritsa ntchito panja mitundu 3 ya mankhwala a gulu la neonicotinoid kaamba ka chiopsezo chake pa njuchi.

Sukulu siingathetse mavuto onsewa. Chimene ingathe ndi kupatula kamalo, ngakhale ka mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, n'kukasandutsa munda wa zomera za kuno kumene njuchi, agulugufe, abemberezi ndi timbalame toyamwa maluwa tingapezemo chakudya chaka chonse. Maganizowa ngabwino ndipo makalabu ambiri a zachilengedwe anawayesapo. Chimene chimawagwetsa ndi kayambidwe kake. Nthawi zambiri komiti imayamba ndi kugula mbande, mlendo wolemekezeka amabzala mtengo woyamba, ana amaimba, ndipo pofika Sepitembala pamalopo pamatsala timitengo touma tosonyeza pamene panali maenje. Dziko lino lakhala likuchita mwambo wobzala mitengo chiyambire 1976, ndipo tsopano nyengo yake imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mitengo yonse yobzalidwa pa miyambo imeneyi ikanakhala kuti inakula, mapiri ambiri sakanakhala adazi monga aliri lero.

Ntchito yoyamba tsono ndi ya kope ndi pensulo, ndipo siidya ndalama. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalabu ilembe miyezi 12 ya chaka pa tsamba limodzi, ndipo pa mwezi uliwonse ilembe zomera za m'deralo zimene zimachita maluwa pamenepo ndi zimene zimaterapo. Tsamba limeneli lidzaonetsa chinthu chimene ambiri saganizira, kuti m'dzinja tizilomboti sitisowa kanthu, popeza tchire lonse limakhala maluwa okhaokha, koma njala yake ili pakati pa Juni ndi Okutobala. Munda umene umakongola mu Febuluwale n'kuuma mu Julayi wangoonjezera chakudya pa nthawi ya mwanaalirenji.

Apa ndi pamene zomera za kuno zimaonetsa ukadaulo wake. Msangu uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphuka ndi kuchita maluwa m'miyezi yachisanu pamene mitengo inzake ikupumula. Futsa naye amachita maluwa mvula itatha. Muwale umatulutsa maluwa ake ofiira pa nthambi zopanda masamba m'chilimwe, ndipo timbalame ta milomo yaitali sitichokapo. Mombo umachita maluwa chakumapeto kwa chilimwe, pa nthawi imene nkhalango imafiira ndi masamba anthete, ndipo alimi a njuchi amaudziwa bwino. Mvula ikabwera, matowo, chitimbe ndi masuku zimatenga malo. Pansi pa mitengoyi, chanzi ndi mpungabwi zimakhala ndi timaluwa tating'ono miyezi yambiri, chewe amatulutsa maluwa aakulu ofiirira, ndipo luni, limene ambiri amalizula lisanakule, likasiyidwa kuti lichite maluwa limaitana njuchi ndi agulugufe ausiku. Khobwe, chidede, zipwete ndi mphonda ndi mbewu za mu Afirika muno, ndipo zimadyetsa tizilombo ndi anthu omwe. Mitengo ndi zitsamba zimenezi zinazolowera miyezi 6 kapena 7 yopanda mvula. Zikangogwira, sizifunanso kheni.

Palinso chifukwa china chozama. Pa dziko lapansi pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yochuluka siikhala m'mng'oma kapena kupanga uchi wokolola. Ina imakumba timauna m'dothi, ina imaboola mitengo youma monga achitira bemberezi, ina ndi timene anthu amati fikisa ndi mpasi, tosaluma konse. Zomera zambiri zinakula pamodzi ndi zolengedwa zake kwa zaka zosawerengeka mpaka kukhala ngati loko ndi kiyi wake. Duwa loyera la mlambe limatseguka madzulo kudikira mileme ndi agulugufe ausiku, ndipo maluwa akuda mofiirira a mvunguti, olendewera pa zingwe zazitali, amadikiranso mileme. Mkuyu maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyu, ndipo amene amalowamo ndi timavu tating'onoting'ono tokha timene sitingaswane kwina kulikonse. Anthu a ku Malaysia anaphunzira zimenezi mowawa. Anatenga kanjedza wa mafuta, amene kwawo ndi ku West Africa, n'kusiya kachilombo kake, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba antchito oti azithira mungu ndi manja. M'chaka cha 1981 anakatenga kanankafumbwe kake ku Cameroon, ndipo ntchito yamanja ija inatha.

Izi sizikutanthauza kuti chomera chilichonse chochokera kunja n'choipa. Mango anachokera ku India, bulugamu ku Australia, dzungu ndi mpendadzuwa ku America, ndipo njuchi zimadya zonsezi mosafunsa chiphaso. Palibe chifukwa chodulira mtengo wa mango umene ulipo kale. Zofunika kupewa ndi zija zothawa m'munda n'kulanda tchire. Lantana agulugufe amaikonda kwambiri, koma mbalame zimamwaza njere zake, imapanga ziyangoyango zimene zimapha zomera zina, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Deliya, wa maluwa achikasu uja wodzaza m'mbali mwa misewu, anachokera ku Mexico ndipo safunikira womuthandiza kufala. Komanso si chomera chilichonse cha kuno chimene chili choyenera pa sukulu. Chitedze n'chakwathu ndithu, koma mphunzitsi amene angachibzale pafupi ndi anyamata a Fomu 2 adzadziwa yekha chimene wachita.

Maina a zomera amasiyana malinga ndi dera, ndipo apa mphunzitsi wa digiri ayenera kudzichepetsa. Agogo a m'mudzi woyandikana ndi sukulu amadziwa mtengo uliwonse, mwezi wake ndi pamene umamera, ndipo ulendo umodzi woyenda nawo kudambo ndi kuphiri ungadzaze masamba angapo a kope lija. Mabuku aliponso: la Jessie Williamson lotchedwa Useful Plants of Malawi, ndi la Blodwen Binns la 1972 lotchedwa Dictionary of Plant Names in Malawi, limene limalumikiza maina a m'zinenero za kuno ndi maina asayansi. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ndiponso Forestry Research Institute of Malawi, kumene kuli akatswiri a njere za mitengo. Mlangizi wa zankhalango wa m'deralo ndiye ali pafupi kuposa onsewa.

Tsopano nkhani ya ndalama. Bajeti yolembedwa m'makwacha okha imakalamba msanga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo komiti iliyonse imene inalemba mitengo ya zinthu miyezi imeneyi isanafike inapeza kuti pepala lake lasanduka nthano. Nzeru ndi kuyamba kuwerenga zinthu zenizenizo: mizati ingati, ndowa zingati, machubu angati, masiku angati a ntchito. Mitengo yake ifunsidwe kumsika sabata yogulira.

Chinthu choyamba pa mndandandawo chikhale mpanda. Munda wa mamita 10 mbali zonse umafuna mpanda wa mamita 40, ndipo mizati itatalikirana mamita 2 idzafunika 20. M'midzi yambiri ziweto zimamasulidwa anthu akatha kukolola, ndipo mbuzi imodzi yokha ingamalize m'mawa umodzi ntchito ya teremu yathunthu. Waya ngwokwera mtengo ndipo amabedwa. Nsungwi, tsekera ndi nthambi za minga za mthethe n'zotsika mtengo, koma chiswe chimazidya ndipo zimapsa msanga, motero ziyenera kukonzedwa chaka ndi chaka ndiponso kulambulidwa mozungulira udzu usanaumitsitse. Njira yokhalitsa ndi kuzika nthambi zikuluzikulu za muwale ngati mizati ina, pakuti zimaphuka n'kusanduka mitengo yamoyo. Nkhadze, imene ambiri amathamangira, siyoyenera pamalo a ana chifukwa utomoni wake umawononga maso. Mitengo ikuluikulu monga msangu, mkuyu ndi mlambe siingakwane m'kamunda kotere. Malo ake ndi m'malire a sukulu, kutali ndi maziko a makalasi, ndipo uliwonse uyenera kukhala ndi kampanda kakekake.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene masamu amachititsa manyazi maloto. Sukulu ikabzala mbande 20 za mitengo ndi zitsamba, n'kumathira iliyonse malita 5 kawiri pa sabata m'chilimwe chake choyamba, pa sabata padzafunika malita 200, amene ndi ndowa 10 za malita 20. Kuchokera kumayambiriro kwa Meyi kufikira pakati pa Novembala ndi masabata 28, kutanthauza ndowa 280. Komiti iyenera kufunsa ngati mjigo wa pa sukulu, umene mwina umatumikiranso mudzi wonse ndipo umachepa madzi mu Okutobala, ungapereke ndowa zimenezi popanda mkangano. Ngati yankho n'lakuti ayi, mbande zichepetsedwe zisanabzalidwe. Mbande 8 zamoyo zimaposa 50 zakufa. Kuphimbira patsinde ndi udzu kumasunga chinyontho, bola udzuwo usakhudze tsinde lenilenilo kuopa chiswe, ndipo madzi osambira m'manja kapena otsukira mbale za phala angathe kugwiranso ntchito ngati alibe sopo wambiri.

Mkati mwa masabata 28 aja muli tchuthi chachitali cha mwezi wa Ogasiti, pamene sukulu imakhala yopanda ana ndipo aphunzitsi ena amapita kwawo kapena kokachonga mayeso. Ngati tchuthicho n'cha masabata 6, pali ndowa 60 zopanda mwini. Minda yambiri ya m'sukulu imafa m'masabata amenewa. Kudalira mlonda kuti adzathirira mwa chifundo chake ndi kumusenzetsa ntchito imene sanalembedwere. Munthu wothirira atchulidwe dzina, agwirizane naye malipiro, ndipo malipirowo alowe m'bajeti monga chinthu chachikulu.

Mbande zenizenizo, zimene anthu amayamba nazo, ndizo zotsika mtengo kuposa zonse. Njere za msangu zimatoledwa pansi pa mtengo wake, ndipo popeza khungu lake n'lolimba, lidulidwe pang'ono m'mbali ndi chodulira zikhadabo n'kuviikidwa m'madzi usiku umodzi. Zikafesedwa mu Sepitembala kapena Okutobala, sukulu itangotsegulidwa, zimakhala zokonzeka mvula ikakhazikika, ndipo siziyenera kukhalitsa m'chubu chifukwa muzu wake umathamangira pansi. Masuku ali ndi malamulo ena. Njere zake zimafa zikakhala masabata ochepa, motero ziyenera kufesedwa zitangochotsedwa m'chipatso, ndipo dothi la m'chubu lisakanizidwe ndi lotengedwa pansi pa msuku waukulu, pakuti mizu yake imadalira tinkhungu ta m'dothi limenelo. Msuku uli ndi mtengo waumuna ndi waukazi ndipo sadziwika kufikira atachita maluwa patapita zaka zambiri, choncho kubzala umodzi ndi kuchita juga. Chanzi ndi futsa zimagwira ndi timitengo todula. Mapepala a shuga ndi mabotolo apulasitiki odulidwa amalowa m'malo mwa machubu. Wofuna mbande 20 afese 30, chifukwa zina sizimera ndipo zina zidzafunika zopakiza. Ndipo ngati m'malire a sukulu muli zitsa za mombo kapena chitimbe zimene zikuphukira, kuzitchinjiriza ku moto ndi kusiyapo mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu kumapereka mtengo msanga kuposa mbande iliyonse, popeza mizu yake ilipo kale.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, bajeti yoona mtima ya chaka choyamba ingaoneke motere: pa K100 iliyonse, K40 ipite ku mpanda, K25 kwa wothirira patchuthi, K15 ku kheni, ndowa ndi makasu, K10 ku njere ndi machubu, ndipo K10 isungidwe kaamba ka zogwa mwadzidzidzi. Sukulu iliyonse idzasintha magawowa malinga ndi malo ake, koma komiti imene yaika theka la ndalama pa mbande, chikwangwani ndi zakumwa za alendo iyenera kufunsidwa mafunso ndi makolo amene anasonkha ndalamazo. Mankhwala ophera tizilombo asapezeke pa bajeti imeneyi. Mbozi zodya masamba m'munda wotere ndizo agulugufe a mawa.

Zina zofunika sizigulidwa. Kachigawo ka dothi kasiyidwe kosalima ndi kosaphimbira kuti njuchi zokumba pansi zipeze malo. Chipika chouma chisiyidwire abemberezi, ndipo timitolo ta bango todulidwa tikoloweke pamthunzi. Phale losazama la madzi, loikamo timiyala toteramo, limathandiza m'chilimwe, bola madziwo azisinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse kuti udzudzu usaswane. Zimenezi zidzalimbana ndi chizolowezi cha tsache, ndipo mphunzitsi wamkulu ayenera kuuzidwa pasadakhale kuti kangodya kameneko sikadzaoneka koyera ngati pakhomo pa ofesi yake.

Pali otsutsa, ndipo mawu awo ayenera kumvedwa. Makolo ena amaopa kuti ana adzalumidwa. Njuchi imene ili pa duwa siiputa munthu pokhapokha itapondedwa kapena kugwidwa, koma njuchi za kuno zimalusa kwambiri poteteza mng'oma wawo, ndipo pali anthu amene kulumidwa kamodzi kokha kumawatupitsa mpaka kubanika. Pa chifukwa chimenechi munda wa maluwa ndi mng'oma n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mng'oma usaikidwe pafupi ndi makalasi kapena bwalo la masewera. Njoka zimapewedwa polambula tinjira ndi kusaunjika miyala. Otsutsa amphamvu kwambiri ndi amene amati sukulu yosowa madesiki ndi choko siiyenera kutaya ndalama pa maluwa, ndipo malowo abzalidwe chimanga cha phala la ana. Pamene njala ili pakhomo, mawu amenewa ngolemera. Yankho lake n'lakuti mamita 10 mbali zonse sangadzaze ngakhale thumba limodzi la chimanga pa ulimi wamba, pamene malo omwewo angapereke khobwe, luni, chidede ndi chewe za ndiwo, angathandize maungu ndi mpendadzuwa za m'minda yoyandikana nayo, ndiponso angakhale kalasi ya Biology ndi Agriculture imene sukuluyo siingathe kumanga ndi njerwa.

Kwa achinyamata amene atsiriza Fomu 4 ndipo akudikira ntchito imene siikubwera, pali mwayi wooneka. Nyengo yobzala mitengo ikafika, mbande za bulugamu, malaina ndi kesiya zimapezeka mosavuta, koma wofuna msangu, matowo kapena masuku amayenda mtunda. Wachinyamata wodziwa nthawi yotola njere, kafesedwe kake ndi kalembedwe ka zolowa ndi zotuluka ali ndi poyambira nazale yakeyake, ndipo ntchito yothirira patchuthi iyenera kupatsidwa kwa wotere, amene amakhala pafupi ndi sukulu. Palibe angamulonjeze chuma. Mbande zimagulidwa miyezi yochepa pa chaka ndipo ogula ena amachedwa kulipira. Koma luso lowerengera ndowa, machubu ndi masiku asanatulutse ndalama lidzamuthandiza ngakhale atadzasiya mbande n'kuyamba malonda ena.

Bungwe la United Nations linakhazikitsa m'chaka cha 2017 kuti pa 20 Meyi pazikhala tsiku lokumbukira njuchi, polemekeza Anton Janša, mlimi wa njuchi wa ku Slovenia wa zaka za m'ma 1700. Kuno tsikuli limagwa pa nthawi yoyenera, mvula itangotha ndipo chilimwe chikuyamba. Sukulu imene inabzala mu Disembala ingaligwiritse ntchito powerenga mbande zamoyo ndi zakufa, kuona ngati mpanda udakali wolimba, kulambula motchingira moto, ndi kulemba m'kaundula wa komiti dzina la amene adzathirire mu Ogasiti pamodzi ndi malipiro ake. Sukulu imene siinayambe ingatsegule kope la miyezi 12 pa tsiku lomwelo, kuti pofika Sepitembala, njere za msangu zikayamba kugwa, idzakhale ikudziwa kale kuti machubu ake ndi angati.